Ku Comiket kulibe kasitomala

Nditaika zithunzi za ulendo wanga wa ku Comiket, ena mwa inu munandilembera kumbali kundifunsa kuti munthu wamkulu, amene anapita ku Japan kukachita maphunziro, amakafuna chiyani kumsonkhano wa okonda makatuni. Funsoli silinandikhumudwitse, chifukwa kwathu tinakula tikudziwa kuti makatuni ndi zotonthozera ana, ndipo inenso ndinafika kuno ndili ndi maganizo omwewo. Ndikufuna kuyankha mofatsa ndiponso pagulu, pakuti zimene ndinaona kumeneko zakhala zikundizungulira m'mutu kuyambira tsiku limenelo, ndipo ndikukhulupirira kuti zikukhudza mmene timaonera ana athu amene ali ndi luso la zojambula.

Dzina lonse la msonkhanowu ndi Comic Market. Unayamba pa 21 Disembala 1975 mumzinda wa Tokyo, pamene timagulu 32 ta ojambula tinayala timabuku tawo m'kachipinda kamodzi, ndipo anthu pafupifupi 700 anabwera kudzaona. Mmodzi mwa oyambitsa anali Yoshihiro Yonezawa, amene anautsogolera kwa zaka zambiri mpaka chaka chimene anamwalira, cha 2006. Kuchokera mu 1996 msonkhanowu umachitikira ku Tokyo Big Sight, chinyumba chachikulu cha zionetsero chimene chili ku Ariake, m'mbali mwa nyanja, ndipo umachitika kawiri pachaka, mu Ogasiti ndi kumapeto kwa Disembala. Mu Disembala 2019, mliri wa Covid usanafike, anthu 750,000 analowa m'masiku anayi. Ine ndinapita mu Ogasiti 2023, pamene msonkhano unali wa masiku awiri ndipo analowa anthu 260,000, chiwerengero chimene anzanga a kuno ankati n'chochepa. Amene anaonapo bwalo la Bingu litadzaza pa tsiku la mpira waukulu aganizire khamu loposa limenelo katatu, pa tsiku limodzi lokha, lonse likufuna kulowa m'nyumba imodzi.

Ndinakwera sitima ya Rinkai m'mamawa n'kutsika pa siteshoni ya Kokusai-Tenjijo, ndili ndi kachibangili ka pepala kamene munthu amagula pasadakhale n'kuvala pamkono ngati chilolezo cholowera. Kutentha kwa Tokyo mu Ogasiti n'kosiyana ndi kwa ku Chikwawa mu Okutobala: kumeneko dzuwa limawotcha koma thukuta limauma, pamene kuno mpweya umakhala wachinyontho, malaya amamatirira pathupi ndipo mthunzi suthandiza kwenikweni. Tinakhala pamzere panja kwa maola angapo, aliyense ali ndi chipewa, kathaulo pakhosi ndi mabotolo a madzi m'chikwama. Pa nthawi yonseyo sindinaone munthu akulowerera mzere, sindinamve mawu okalipa, ndipo titanyamuka sipanatsale ngakhale kapepala ka switi pansi.

Poyamba ndinkaganiza kuti umenewu ndi mwambo chabe wa anthu a ku Japan, amene amadziwika ndi kusunga dongosolo. Mnzanga wa m'kalasi amene ananditenga, yemwe wakhala akupita kumeneko kuyambira ali ku sekondale, anandiuza kuti pali china choposa pamenepo. Iye anati okonza Comiket amaphunzitsa kuti pamsonkhanowu palibe kasitomala. Amene wayala timabuku patebulo, amene wabwera kudzagula, amene wavala zovala za munthu wa mu anime (makatuni a ku Japan), ndi amene akulondolera khamu, onse amatchedwa ndi liwu limodzi, sankasha, kutanthauza wotenga nawo mbali. Anthu masauzande amene amayendetsa mizere, kuyala matebulo ndi kuthandiza okomoka ndi dzuwa ndi odzipereka, salipidwa, ndipo ambiri amachita kupempha tchuthi kuntchito kwawo kuti adzagwire ntchitoyo. Choncho munthu sangafike ndi mtima woti ndalipira, munditumikire. Ngati msonkhano uyenda bwino, wauyendetsa ndi iwe, ndipo ngati usokonekera, wausokoneza ndi iwenso.

Mfundo imeneyi ndinaimvetsa bwino pa kanthu kakang'ono. M'kati mwa holo, tebulo la wojambula wotchuka likakhala ndi mzere wautali, pamakhala kachikwangwani kolembedwa kuti mzere wathera pano. Kachikwangwaniko sikagwiridwa ndi mlonda kapena wantchito. Amagwira ndi munthu amene ali kumapeto kwa mzerewo, atakakweza m'mwamba kuti obwera akaone, ndipo wina akafika pambuyo pake amakalandira mwaulemu n'kukakweza iyenso. Nditafika pamzere wina, mnyamata amene anali patsogolo panga anatembenuka, anawerama pang'ono n'kundipatsira, osayang'ana kuti ndine mlendo kapena kuti Chijapanizi changa n'chopereweza. Ndinakagwira mwina kwa mphindi imodzi yokha mtsikana wina asanakalandire, koma pa mphindi imeneyo ndinasiya kukhala woonerera. Ndipo chilengezo chotsegulira msonkhano chitamveka, khamu lonse, la m'kati ndi la panja lomwe, linawomba m'manja, osati kuwombera munthu wotchuka aliyense, pakuti panalibe amene anaimirira pansanja, koma kungosangalala kuti tsiku limene akhala akulikonzekera kwa miyezi lafika.

Chimene chimagulitsidwa kwambiri ndi timabuku totchedwa doujinshi, timene munthu kapena kagulu ka anthu kamalemba, kujambula ndi kusindikiza pa ndalama zawo, popanda kampani yosindikiza mabuku. Kagulu kalikonse kamalembetsa miyezi ingapo msonkhano usanachitike, ndipo chifukwa ofuna malo amachuluka, pamachitika maere. Amene mwayi wawagwera amapatsidwa theka la tebulo ndi mipando, kwa tsiku limodzi basi. Matebulowo amandandalikidwa m'mizere yaitali m'maholo akuluakulu ngati mosungira ndege, ndipo anagawidwa malinga ndi nkhani, moti okonda anime imodzi amapezana pamalo amodzi. Timagulu totchuka kwambiri timaikidwa m'mphepete mwa khoma, pafupi ndi zitseko zikuluzikulu, kuti mizere yawo izitulukira panja. Koma ine mtima wanga unakhala pa matebulo a pakati, pamene pamakhala munthu mmodzi ali ndi timabuku makumi awiri kapena atatu, tambiri ta mtengo wa 500 yen (ndalama ya ku Japan), akudikira mwakachetechete kuti wina aime.

Pali chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Ngakhale kuti manga (mabuku a nthano za zithunzi a ku Japan), anime ndi masewero a pakompyuta ndi zimene zimakoka anthu ambiri, pali mizere yathunthu ya anthu olemba za sitima zapamtunda, za maulendo, za zakudya, za mbiri yakale, ndi za mapulogalamu a kompyuta. Ndinaima patebulo la bambo wina wa imvi amene anayenda m'midzi ya kumpoto kwa dzikoli akujambula ndi pensulo masiteshoni ang'onoang'ono a sitima amene akutsekedwa chifukwa anthu akusamukira m'mizinda. Ndinapempha kaye chilolezo chotsegula kabukuko, monga mmene mwambo wa kumeneko ulili, ndipo nditagula anaimirira n'kukapereka ndi manja awiri. Anandifunsa kumene ndimachokera. Nditati ku Malawi anafunsa ngati kuli sitima, ndipo ndinamufotokozera za njanji yochokera ku Limbe kudutsa ku Balaka mpaka ku Salima. Analemba mayinawo m'kope lake mosamala, chilembo chimodzichimodzi, n'kundipempha kuti ndione ngati walemba bwino. Bambo ameneyu sanali mwana ndipo sankachita zachibwana. Anali munthu amene anasankha chinthu chimodzi chimene amachikonda n'kuchisunga papepala chisanafafanizike.

Ambiri mwa anthu amenewa sapeza phindu lililonse. Ukawerengera ndalama yolembetsera, yosindikizira, ya ulendo ndi ya malo ogona, amabwerera kwawo atawononga zambiri kuposa zimene agulitsa. Masana ndi aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'maofesi ndi m'mafakitale, ndipo amajambula usiku ana atagona. Amabwera chifukwa akufuna kuona nkhope ya munthu amene wawerenga ntchito yawo. Ena ochepa amakwera kuchokera pamenepo n'kukhala akatswiri odziwika. Gulu la amayi ojambula lotchedwa CLAMP, limene mabuku ake amawerengedwa m'mayiko ambiri, linayamba ngati kagulu ka doujinshi. Komabe ndingalakwitse nditati kufunika kwa Comiket n'kwakuti kumatulutsa akatswiri, chifukwa ambiri sadzakhala akatswiri ndipo sakuzifunanso zimenezo.

Wina angafunse ngati kujambula nkhani zatsopano pogwiritsa ntchito anthu a mu anime ya eni ake si kuba. Funsolo n'loyenera, ndipo ngakhale kuno silinatheretu. Mwalamulo umwini ndi wa wolemba woyamba ndi kampani yake, ndipo atafuna akhoza kudandaula. Koma ambiri amangoyang'ana kumbali, malinga ngati timabukuto tikusindikizidwa tochepa ndiponso sitikukopera ntchito yeniyeniyo tsamba ndi tsamba, chifukwa amadziwa kuti anthu amenewa ndi omwe amagulanso mabuku awo enieni, ndipo pakati pawo ndi pamene pamatuluka ojambula a mawa. Ine ndikuona kuti nzeru imeneyi ndi yakuya, ngakhale kuti imasiya wojambula wamng'ono akudalira chifundo cha mwini, chimene chingasinthe tsiku lililonse.

Za cosplay, kutanthauza kuvala ngati munthu wa mu anime, zimene zinadabwitsa ambiri a inu pazithunzi zija, ndinene mwachidule. Munthu saloledwa kubwera atavaliratu kuchokera kunyumba. Amalembetsa, amalipira kandalama, amakavalira m'chipinda chimene chinakonzedwa, ndipo amavulanso asanatuluke, kuti asasokoneze anthu ena m'sitima ndi m'misewu. Wofuna kujambula chithunzi amayamba wapempha, ndipo akakanizidwa amachoka. Zovala zambiri amasoka okha kwa milungu yambiri, ndipo telala aliyense wa pakhonde ku Ndirande atayang'ana misoko yake angavomereze kuti imeneyo ndi ntchito ya manja yofuna kuleza mtima.

Sindikufuna kuti muganize kuti zonse zinandikomera. Gawo lina la timabuku ta kumeneko ndi la nkhani za akuluakulu okhaokha, zolaula, ndipo ngakhale kuti timalembedwa chizindikiro ndipo ogulitsa amayenera kutsimikiza msinkhu wa wogula, zikuto zake zimaoneka kwa aliyense wodutsa. Zina mwa zimene ndinaona m'mizere imeneyo zinandinyansa, makamaka zojambula za atsikana ooneka aang'ono, ndipo sindivomereza kuti ufulu wa zojambula ungakhale chifukwa chokwanira chozilekerera. Kholo limene lingafune kupita ndi mwana liyenera kudziwiratu mizere yoyenera kudutsa ndi yoyenera kuipewa. Kutentha nakonso si nkhani yamasewera, pakuti ndinaona anthu akunyamulidwa atafooka. Ndipo gawo la makampani akuluakulu, kumene anthu amathamangira katundu wongopezeka tsiku limenelo kuti ena akamugulitsenso pa intaneti pamtengo wokwera, linandionekera ngati msika wina uliwonse, wopanda mzimu umene ndinaupeza pa matebulo aja. Zonsezi n'zoona, koma sizifafaniza zimene ndinaona kwa bambo wa masiteshoni uja ndi anzake masauzande.

Chimene chikundipweteka mtima ndi ichi. M'kalasi iliyonse imene ndinaphunziramo, kuyambira ku pulaimale, munali mwana mmodzi amene kumapeto kwa kope lake kunali kodzaza ndi zojambula: asilikali, magalimoto, osewera mpira, nkhope ya aphunzitsi. Tonse tinkamuzungulira pa nthawi yopuma kuti tione, koma akagwidwa ankalangidwa chifukwa chowononga kope, ndipo kunyumba ankauzidwa kuti zojambula sizidyetsa munthu. Makolo amenewo sanali ankhanza. Kope linali lodula ndipo ankaopera mwana wawo umphawi. Koma ana ambiri otere anasiya kujambula asanafike Fomu 2, osati chifukwa luso linatha, koma chifukwa panalibe malo alionse amene munthu wamkulu akanaima, kutsegula kope lawo mwaulemu n'kufunsa mtengo wake. Anthu amene anayambitsa Comiket analibe chinyumba cha Tokyo Big Sight; anali ndi chipinda chobwereka, matebulo ochepa ndi timabuku tosindikizidwa motchipa. Zoterozo sizikusowa ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Mzuzu, kumene holo ya sukulu kapena ya tchalitchi imabwerekedwa Loweruka lililonse ndipo makina a fotokope ali pa ngodya iliyonse. Achinyamata oonera anime pafoni aliponso ambiri, ndipo ena a iwo amajambula bwino kwambiri, kungoti aliyense amajambulira kuchipinda kwake.

Mwana wa mchemwali wanga, amene ali Sitandade 7, ndi mmodzi wa ana otero. Mayi ake anandidandaulira pafoni kuti makope akutha msanga chifukwa cha zithunzi, ndipo ine kale ndikanawathandiza kumudzudzula. Ulendo uno ndinawapempha kuti andijambulire masambawo n'kunditumizira. Ndi nkhani ya mnyamata wa kabaza amene njinga yake imauluka pamwamba pa phiri la Mulanje, masamba khumi ndi awiri, mawu ake onse m'Chichewa. Ndawasindikiza pa makina a m'sitolo ya pafupi ndi kumene ndimakhala, ndawapinda pakati n'kuwamanga ndi sitepula, makope khumi, dzina lake lili pachikuto. Limodzi ndagula ndine, pa mtengo wa 500 yen, ndipo ndalamayo ndaiika mu envelopu pamodzi ndi makope asanu ndi anayi otsalawo ndi kabuku ka bambo wa masiteshoni uja, kudikira mnzanga amene akupita kumudzi mwezi wamawa.