A Tcheya, nkhani yatha izikhala yatha!

Ine ndapsa mtima, sindibisa. Dzulo tinaitanidwa ku msonkhano wa kopaletivu yathu kuno kumudzi, mbali ya msewu wa Lundazi. Chotiitanira chinali chimodzi: kuona maina, mareji (ziphaso za unzika) ndi manambala a foni ngati zili bwino, kuti za fataleza wa FISP, pulogalamu ya boma la Zambia yothandiza alimi ang'onoang'ono ndi fataleza ndi mbewu, zisatipite. Ntchito ya ola limodzi imeneyo. Koma tinakhala pansi pa mtengo wa mango, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, mpaka mthunzi unatithawa, osawerenga ngakhale dzina limodzi.

Chifukwa chake? Nkhani yomweyija. Kodi amene maina awo atuluka azigawirako anzawo amene sanatuluke, kapena aliyense atenge matumba ake? Nkhaniyi tinaikamba chaka chatha. Tinakangana, ena mpaka kutukwanana, tinakweza manja, a sekilitale analemba m'buku. Inatha. Ndiye dzulo bambo wina angoimirira, kukonza chipewa, "A Tcheya, ine pang'ono chabe pa zija za matumba." Basi moto buu! Wina naye aimirira kuyankha mawu omwewo amene anayankha chaka chatha, ngakhale malo otsokomolera ndi omwewo. Amayi ena kumbuyo anayala chitenje n'kugona. Mwana analira, anayamwa, anagona, anadzukanso, anthu akadali pa matumba.

Nanga a Tcheya? Angoti "Timve maganizo a onse." Maganizo ati? Tinawamva kale! Mpando umenewo sitinakupatseni kuti muzingogwedeza mutu. Munthu akayamba nkhani yomwe inagamulidwa, mufunseni funso limodzi: "Akulu, muli ndi chatsopano?" Ngati alibe, akhale pansi. Ngati ali nacho, anene chatsopanocho basi, osati kutiyambira ku 2002 pamene boma linayamba pulogalamuyi. Tonse tikudziwa kuti zaka zapitazi mlimi ankapereka K400, n'kulandira matumba 6, atatu a D compound wapansi, atatu a urea wapamwamba, ndi mbewu ya makilogalamu 10. Tikudziwanso kuti mamembala ndife ambiri kuposa maina amene amatuluka. Kubwereza zimenezi sikubala thumba lachisanu ndi chiwiri.

Ena ati kuletsa munthu kulankhula n'kupondereza. Ayi ndithu. Wopondereza ndi uyo amene amadya nthawi ya mudzi wonse ndi nkhani imodzi. Mtsikana wina wamasiye anabwera ndi vuto lenileni: foni inatayika, nambala yomwe inalembedwa siigwiranso ntchito, ndipo masiku ano uthenga wa fataleza umafika pa foni. Anakweza dzanja mpaka linatopa. Sanapatsidwe mpata. Anapita kwawo momwe anabwerera. Ameneyo ndiye waponderezedwa, osati abambo aja amene pakamwa pawo sipauma.

Kaya ndi za zipani, kaya ndi chidani cha malire a minda, izo n'zawo. Ine changa n'chakuti nkhani yotsekedwa itsekedwe. Madzi akatayika saoleka. Matumba a chaka chatha anathiridwa, chimanga chinakololedwa, china chinapita ku shedi ya FRA, bungwe la boma logula chimanga, china tadya. Mukufuna tikafukule fatalezayo m'nthaka kuti tigawanenso?

Ndipo musaiwale kumene tachokera. Mu Febuluwale 2024 a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse. Tinaona chimanga chikuuma chili ndi ngayaye. Munthu amene anaona zimenezo sayenera kutaya tsiku lathunthu la kusosa chifukwa cha mkangano wakale. Mvula ya Novembala siyembekeza kuti tigwirizane kaye.

Buku lija a sekilitale amalinyamula m'pulasitiki, ntchito yake n'chiyani? Liwerengedwe poyamba penipeni, mokweza: nkhani yakuti tinagamula motere, tsiku lakuti. Wofuna kuti isinthe akalembetse kwa komiti msonkhano usanafike, ipatsidwe tsiku lakelake, okonda kukangana akakangane mpaka atope. Enafe tili ndi minda. Kukonola chimanga chokonola kale kumangochiphwanya, ndipo kopaletivu yathu ikuphwanyika chomwecho. Achinyamata anasiya kale kubwera, ati kuli bwino kukapalasa njinga ya hayala ku Kapata, m'tauni ya Chipata, kusiyana n'kumvera nyimbo imodzi.

Komanso inu obwera mochedwa! Msonkhano wa 9 koloko mufika dzuwa lili paliwombo, mpweya ukununkha kachasu, n'kumati "tandifotokozereni kuyambira poyamba." Poyamba pati? Munali kuti? Ndipo a Tcheya n'kuyambadi kufotokoza! Mawa lake ndi inu nomwe mumayenda m'mudzi kuti a komiti amabisa zinthu.