Papepalapo padzalembedwa dzina la ndani?

Mwalemba kuti chikalata cha malo ndicho chidzateteze amayi akumudzi. Sindikukana, koma kwathu kuno ku Ntcheu ambiri ndife a chikamwini. Munda umachoka kwa agogo aakazi, kupita kwa mayi, kenako kwa mwana wamkazi. Mkamwini amangobwera kudzalima. Nanga tsiku lolembetsa, adzatsogole ndani? Amalume, poti ndiwo eni mbumba, kapena mkamwiniyo poti anapitako kusukulu. Dzina lake likangolowa papepala, munda wa mbumba yonse wasanduka wa munthu mmodzi, mawa mumva kuti waugulitsa kwa olima kachewere.

Lamulo la malo a makolo la 2016 limati pa mamembala 6 osankhidwa a komiti ya malo, yomwe wapampando wake ndi a gulupu, osachepera atatu akhale amayi. Nzabwino ndithu, kungoti ena mwa amayiwo sangatsutse a gulupu pamaso, tikudziwana.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi a chitengwa. Mayi anga aang'ono atafedwa, achibale a malemu anawathamangitsa chimanga chisanakololedwe. Kubwerera kwawo, anapeza abale awo anagawana kale minda yonse. Pano amalima dimba lobwereka.