Achule ndi njoka za kuno kwathu tidzayamba liti kuzifufuza tokha?

Maganizo anga lero ali pa tinyama timene ambiri a ife sitifuna n'komwe kutiona: achule, njoka, abuluzi, agulo, abilimankhwe, akamba, ng'azi ndi ng'ona. Ntchito yofufuza kumene tinyamati timapezeka ndi mmene timakhalira ndi yathu ife a chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, ndipo tachedwa nayo kale. Ena muyamba kuyipidwa mukangomva mayinawa, komabe ndikupemphani muwerenge mpaka pansi.

Nyama zikuluzikulu zili ndi eni ake ozilondola. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita kunkhalango ya Kasungu ku Malawi, yomwe inachita malire ndi ife, ndipo abale athu a ku Lumezi ndi Lundazi nkhani ya njovu siichoka pakamwa pawo. Mvuu za mu Luangwa zimawerengedwa. Mikango ina ya ku Mfuwe inavekedwa makolala m'khosi kuti adziwe kumene yagona. Zonsezi n'zabwino. Koma imani pamsika wa Kapata mufunse kuti m'madambo a Lutembwe muli mitundu ingati ya achule, kapena kuti njoka imene imaluma anthu ambiri ku Vubwi ndi iti, anthu angokuyang'anani. Chonsecho njoka ndiyo timagona nayo m'nyumba imodzi, osati mkango.

Si kuti palibe amene anayesapo. Vivian Wilson anayamba ntchito yolimbana ndi tsetse kuno mu 1954, ndipo poyenda m'tchire ankatola njoka n'kumalemba kumene wazipeza. Mu 1965 anasindikiza zimene anapeza zokhudza njoka za chigawo chino cha Kum'mawa m'magazini ya zanyama yotchedwa Puku. Bamboyu anakonda dera lathu moti atakatsegula malo osungira nyama zamasiye pafupi ndi Bulawayo mu 1973, anawatcha Chipangali. Donald Broadley, yemwe anamwalira mu 2016, anatulutsa mndandanda wa zokwawa ndi achule a Zambia yense mu 1971, kenako iye ndi John Poynton analemba mwakuya za achule a dera lonse la Zambezi kuyambira 1985 mpaka 1991. Hugh Cott naye anafika m'chigwa cha Luangwa m'zaka za m'ma 1950, n'kumang'amba mimba za ng'ona kuti aone zimene zadya, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1961. Anaonetsa kuti kang'ona kakang'ono kamakhalira tizilombo, nkhanu ndi achule, kakasinkhuka kamatembenukira ku nsomba, ndipo zikuluzikulu ndizo zimagwira nyama zobwera kudzamwa madzi.

Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo anthu amenewa ndimawalemekeza ndi mtima wonse. Koma taonani zakazo. Wilson ankayenda m'Chipangali wa mitengo yothithikana, makala asanayambe kutuluka pa njinga usiku ndi usana, madambo asanadzaze madimba ndi nkhuti za njerwa. Nyama zambiri zimene zinatoledwa m'Zambia masiku amenewo zili m'mabotolo a sipiriti kunyumba yosungira zinthu zachilengedwe ku Bulawayo, zina ku Livingstone, zina kutsidya kwa nyanja. Mwana wa ku Katete amene akufuna kudziwa njoka za kumudzi kwa agogo ake ayenera kuwerenga Chingerezi cha munthu amene anadutsako bambo ake asanabadwe. Zimenezi zimandiwawa.

Mapu a ofufuza amapangidwa motere: pamene munthu wapeza nyama, naitchula dzina lake molondola, nalemba malo ndi tsiku, pamaikidwa dontho. Madonthowo amatsata misewu, mamishoni ndi malo ogona alendo, chifukwa ndi kumene ofufuza amafika mosavuta. Choncho pamapu pakakhala poyera, sindiye kuti chule kulibe. Kulibe amene anapitako ndi tochi. Nkhalango ya Lukusuzi, mapiri a Nyimba, madambo a Chadiza ndi Sinda, ngakhale phiri la Kanjala lomwe timaliona tsiku lililonse, onsewa akufunika anthu oti awayende mobwerezabwereza, chilimwe ndi dzinja lomwe.

Wina anena kuti feteleza wakwera mtengo, magetsi akuzimazima, chilala cha 2024 sitinachire nacho, ndiye tiziwerenga achule? Funsoli ndi lomveka. Yankho langa loyamba lili kuchipatala.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse atalumidwa ndi njoka, ndipo olumala ndi odulidwa ziwalo ndi ochuluka kuposa pamenepo. Mu 2017 linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'mayiko otentha, ndipo mu 2019 linadziikira cholinga chochepetsa imfa ndi kulumala ndi theka pofika 2030. Olumidwawo ndi ndani? Ndi mayi wotola nkhuni, mnyamata wopisa dzanja kuuna wa mbewa, mlimi wopalira wopanda nsapato, mwana wogona pamphasa. Ndife amene.

Njoka zathu siziluma mofanana. Mphiri sithawa, imangoti phee panjira kudalira mawanga ake, ndipo ululu wake umatupitsa mwendo n'kuwoletsa mnofu. Mamba yolavula imalowa m'nyumba usiku kusaka makoswe ndi achule, n'kuluma munthu ali m'tulo. Bala lake limadya khungu mpaka kufuna madokotala a opaleshoni. Njoka imene m'mabuku amati black mamba imagwira mitsempha, munthu zikope zimalemera, malovu amatuluka, kenako kupuma kumakanika. Nalikukuti, uja amaoneka ngati kamtengo kouma, ululu wake umalepheretsa magazi kuundana, ndipo mankhwala opha ululu wake kulibe. Kulinso kanjoka kakuda kokhala pansi pa nthaka, kamene kamatuluka mvula ikagwa, ofufuza amakatcha Atractaspis. Kamaoneka kofatsa, koma mano ake amatulukira m'mbali mwa kamwa, moti ngakhale mutakagwira pakhosi kakulasani chala. Mankhwala opha ululu ndi odula, ambiri amafuna firiji, ndiponso amatha mphamvu akakhalitsa. Boma lingadziwe bwanji kuti ambiri liwatumize ku Mambwe kapena ku Petauke, mwezi uti, ngati palibe kaundula wa njoka zimene zili m'madera amenewo ndi nyengo imene zimaluma? Kafukufuku wa kumene njoka zimapezeka ndi nkhani ya moyo wa mwana wanu.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa izi zikhoza kupulumutsa wina. Munthu akalumidwa musamange mwendo ndi chingwe kapena mphira, musateme mphini, musayamwe balalo. Muvuleni mphete ndi zibangili, asayendeyende, mumunyamule msanga kupita kuchipatala. Njoka ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa nthawi yaitali. Musataye nthawi kuthamangitsa njokayo. Ngati n'kotheka kuijambula muli patali, chithunzi chikwanira.

Ndipo njoka zambiri zimene timapha zilibe mlandu. Tsiku lina kumudzi anyamata anapha njoka yofiirira pansi pa nkhokwe, yaitali ngati mkono, pamimba potupa. Mmodzi ataing'amba ndi mpeni munatuluka khoswe wathunthu, ubweya uli nyowee, mchira utapindika. Inali njoka ya m'nyumba ija yopanda ululu, imene ntchito yake ndi kulondera chimanga chathu usiku. Anaiponya pamoto akuseka, ndipo palibe amene anafunsa kuti makoswe otsalawo awagwira ndani. Bilimankhwe naye timamugenda ndi kumuopa chonsecho alibe ululu ngakhale pang'ono. Amangodya ziwala ndi ntchentche, wamkazi n'kukumba pansi kuikira mazira amene amatenga miyezi yambiri kuti aswe. Tikatentha tchire posaka mbewa, iye ndi kamba ndiwo amayamba kupsa chifukwa sathamanga.

Ng'ona sindiikometsa. Abale athu a m'mbali mwa Luangwa ataya ana ndi amayi pamadooko, ndipo amene sanaonepo maliro otero asawaphunzitse kukonda ng'ona. Koma ngakhale pamenepa kudziwa kumathandiza. Yaikazi imakwirira mazira mumchenga m'chilimwe, imawalondera pafupifupi miyezi itatu, ndipo amaswa mvula ikamayamba. Nthawi imeneyo imakhala yolusa kwambiri pafupi ndi chisa. Kutentha kwa mchengawo ndiko kumasankha ngati ana adzakhale aamuna kapena aakazi. Anthu akadziwa magombe amene ng'ona zimaikira, amadziwanso potunga madzi ndi pomanga mpanda wa dooko.

Tsopano achule, amene ine ndimawakonda koposa. Chizimalupsa chikangogwa, dambo limene linali zii limadzuka usiku umodzi. Amene amalira makamaka ndi aamuna, kuitana aakazi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kaliridwe kake, moti wodziwa amatha kuima mumdima n'kuwatchula mmodzimmodzi osawaona. Pitani pankhuti ya njerwa imene yadzaza madzi, muyang'ane nthambi zolendewera pamwamba pake. Mudzaona thovu loyera lowundana, lalikulu ngati chibakera kapena kuposa, kunja kouma, mkati mwa chinyezi. Ndi chisa cha chule wotuwa wa mumtengo, amene ofufuza amamutcha Chiromantis. Wamkazi amapuntha thovulo ndi miyendo yakumbuyo usiku, aamuna angapo atamuzungulira, n'kuikiramo mazira. Pakapita masiku ochepa pansi pa thovu pamafewa, mbululu n'kumagwera m'madzi imodziimodzi. Finye uja amafufuma mukamukhudza safuna n'dziwe lomwe: amaikira pansi pa nthaka, ndipo ana amatuluka ali kale tiachule. Chule wamkulu wa m'madambo amatha chilimwe chonse atadzikwirira, atadzikuta ndi zikopa zake zakale kuti asaume. Zonsezi zikuchitika kuseri kwa nyumba zathu, koma ana athu amaziona koyamba pa TV, zojambulidwa kudziko lina.

Chule amamwa madzi ndi khungu, ndiponso amapumira pakhungu lomwelo. Chilichonse chimene tathira m'madzi chimalowa m'thupi mwake. Tikatsuka sipuleya ya thonje pamtsinje, tikapopera mankhwala opha udzu mpaka m'mphepete mwa dambo, tikataya mabotolo a mankhwala a tomato m'chitsime cha kudimba, woyamba kumva ndi iye. Madzi omwewo ndi amene ng'ombe zathu zimamwa, ndi amene timathirira repu wopita kumsika. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2023 anapeza kuti mitundu 41 pa 100 iliyonse ya achule ndi abale awo padziko lapansi ili pangozi yotheratu, kuposa mbalame ndi nyama zoyamwitsa. Wa zokwawa wa mu 2022 anapeza 21 pa 100. Zifukwa zikuluzikulu ndi kutha kwa malo okhala, kusintha kwa nyengo, ndi matenda a pakhungu otchedwa chytrid amene apulula achule ku Central America ndi Australia. Dambo likayamba kuchepa mawu chaka ndi chaka, pafunika wina amene analemba mmene linkalirira kale, apo ayi tidzangokangana kuti zinali choncho kapena ayi.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti ntchitoyi siyofuna ndege kapena makina a mamiliyoni. Ofufuza amayenda usiku ndi tochi, amajambula mawu, amakwirira zidebe pansi n'kuimika kampanda ka pulasitiki kuti tinyama tikagunda tigweremo, m'mawa n'kutiyeza, kutijambula ndi kutimasula. Za DNA ndi za ku labotale, inde, koma maziko ake ndi dontho lija: chithunzi, malo, tsiku. Foni imene mukuwerengera izi ikhoza kuchita zimenezo. Pa tsamba la pa intaneti lotchedwa iNaturalist munthu amaika chithunzi, akatswiri n'kuthandiza kutchula dzina, ndipo zotsimikizika zimakalowa m'nkhokwe ya padziko lonse ya GBIF imene ofufuza amagwiritsa ntchito. Njoka yogundidwa ndi galimoto pamsewu wa Great East kapena wa ku Mfuwe ndi umboni wokwanira. Musaigwire, ngakhale yooneka yakufa. Jambulani mutu, msana ndi thupi lonse, basi.

Ndikufuna kuona ophunzira a UNZA ndi Copperbelt University ochokera kuno akusankha madambo a kwawo polemba kafukufuku wawo womaliza, ndipo a nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire ya DNPW akuwapatsa zilolezo mosawavutitsa. Ndikufuna makalabu a zachilengedwe m'sukulu, monga amene a bungwe la Chipembele amayendetsa ku Mfuwe, afike ku Chipata, ku Chadiza ndi ku Lundazi, mphunzitsi aliyense wa sayansi akhale ndi kope la dambo limodzi loyandikana ndi sukulu yake. M'makiliniki mulembedwe bwino aliyense wolumidwa: mudzi, mwezi, nthawi, zimene ankachita, ndi mmene bala linaonekera. Ofufuza ochokera kunja apitirize kubwera, tiwalandira, koma azisiya zimene apeza kwa mafumu ndi m'sukulu, m'chinenero chathu, ndi zithunzi zoti zipachikidwe pakhoma la kiliniki.

Agogo athu nawonso afunsidwe akadali moyo. Alipo achikulire ku Chiparamba ndi ku Kagoro amene amadziwa phanga limene nsato imafungatira mazira, mwezi umene ng'azi imakumba chulu kuti iikire, ndi dziwe limene nkhasi zimabisala madzi akaphwa. Mayina amasiyana pakati pa Achewa, Angoni, Ansenga, Akunda ndi Atumbuka, ndipo dzina limodzi nthawi zina limatchula njoka ziwiri zosiyana, chinthu chimene chingasokoneze namwino pamene wodwala akufotokoza chimene chamuluma. Mdzukulu amene ali ndi foni akhale pansi ndi agogo ake, awaonetse zithunzi, alembe dzina limene atchule, mudzi wawo ndi zimene akudziwa za nyamayo. Mvula ya chaka chino isanafike, amene muli okonzeka kuyamba ndi madambo a Lutembwe ndi Lunkhwakwa ndiuzeni, tipangane tsiku, aliyense abwere ndi tochi ndi majombo.