Foni imeneyi ndi yanudi?

Dzulo m'mawa, nditangoweruka ntchito ya usiku, ndinalowa m'sitolo ina yaikulu kuno ku London maso akulemera ndi tulo. Ndinatenga sopo, mankhwala otsukira mano, mafuta odzola m'manja ndi tinthu tina ta m'nyumba. Mtsikana wa pa kauntala anawerengetsa nati mapaundi 31 ndi mapeni 40. Ndinatulutsa foni, kuika chala pa batani, n'kuiyandikitsa pa kamakina kolipirira kaja. Foni inanjenjemera, kukana chala changa. Ndinapukuta chalacho pa malaya n'kuyesanso, inakananso. Nditalemba nambala yachinsinsi foni inavomera, koma tsopano kamakina ndi kamene kanakana, kakuti lowetsani khadi. Khadi ndinali nditalisiya kunyumba. Apo m'pamene mlonda wa pakhomo, munthu amene amandiona pafupifupi m'mawa uliwonse, anasendera pafupi n'kundifunsa, mzere wonse ukumva: "Mayi, foni imeneyi ndi yanudi?"

Yanudi? Foni imene ndikuilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo ngongole yake sinathe? Ndinayankha kuti ndi yanga. Anangondiyang'ana osasuntha. Ndiye ndinaiyatsa n'kumuonetsa chithunzi cha mwana wanga chimene chili kutsogolo kwake, ndikuti onani, uyu ndi mwana wanga, tayang'anani mmene tafananira. Abale anga, ndinaonetsa nkhope ya mwana wanga kwa munthu wachilendo ngati chiphaso. Usiku wonse wa dzulo kuntchito mtima unali pa chinthu chimenechi basi.

Inu amene mumagwira ntchito yosamalira okalamba mukudziwa mmene manja athu alili. Kusamba m'manja kosawerengeka, magolovesi kuvala kuvula, mankhwala ophera tizilombo aja owawa ngati moto khungu likang'ambika. Timizere ta pa chala tinafufutika kalekale, ndipo kukazizira khungu limachita kusweka. Foni imafuna chidindo cha chala chimene inajambula tsiku loyamba, ine ndikuipatsa chala chimene chasambitsa anthu asanu ndi awiri usiku umodzi. Ikana bwanji osakana? Mlonda uja anaona foni ikukana chala n'kuganiza za mbava, chifukwa chala cha mbava ndi chimene foni imakana. Sanadziwe kuti chala chimenechi chinathera pa matupi a makolo a anthu omwe anaima pamzere paja.

Ndipo vuto lachiwiri lija silinali langa n'komwe. Makhadi ongogunditsa anayamba kuno mu 2007, ndipo ali ndi malire a ndalama imene ungalipire osalemba nambala yachinsinsi. Malirewo anali mapaundi 20, kenako mu September 2015 anawakweza kufika pa 30, ndipo ndi amene analipo pa nthawi ya nkhaniyi. Foni yofuna chala siyenera kumangidwa ndi malire amenewa, popeza mwini wake watsimikiza kale kuti ndi iyeyo, koma panthawiyo timakina tambiri ta m'masitolo tinali tisanakonzedwe kuti tizisiyanitsa, tinkangoitenga foni ngati khadi wamba. Ine ndinapyola ndi paundi imodzi ndi mapeni 40. Mtsikana wa pa kauntala zimenezi sanazidziwe, palibe anam'phunzitsa, ndiye anangoti mokweza, "Kapena mu akaunti mulibe ndalama." Mu akaunti munali malipiro anga a mwezi wathunthu, analowa dzana lake. Mayi wina wachikulire kumbuyo ndi amene ananena kuti tachotsanipo chinthu chimodzi. Ndinachotsa mafuta odzola m'manja, omwe aja ndinalowera m'sitolomo. Foni inalira kamodzi, malipiro anadutsa. Mlonda anabwerera pakhomo pake osanena ngakhale pepani.

Mukanadziwa mmene ndinavutikira kuti khadi lilowe m'foni imeneyi! Njira yolipirira ndi foni ya Apple Pay inafika kuno mu July 2015, inzake ya Android Pay inabwera mu May 2016, ndipo anzanga a kuntchito amene mabanki awo analowamo msanga ankangoti n'zosavuta, ujambula khadi ndi kamera basi watha. Banki yanga inachedwa miyezi. Italowa, ndinajambula khadi, foni n'kuwerenga manambala bwinobwino, kenako yati banki itumiza meseji ya nambala yotsimikizira. Mesejiyo inapita ku nambala yakale, ya SIM ija ndinagula sabata imene ndinafika kuno, imene ndinataya kale. Ndinaimbira banki. Ndinamvera nyimbo yawo kufikira nthawi yanga yopuma itatha. Mawa lake ndinaimbanso, n'kupeza mnyamata amene sankamva dzina langa. Ndinalitchula chilembo chimodzichimodzi, kawiri konse. Anandifunsa zimene ndinagula komaliza ndi khadilo, pa mtengo wanji, tsiku liti. Ndani amasunga zimenezo m'mutu atagona maola anayi? Nditaphonya funso limodzi anati sangathe kutsimikiza kuti ndine ineyo, ndipite ku nthambi ndi pasipoti komanso kalata yosonyeza kumene ndimakhala. Ine ndimachita lendi chipinda chimodzi, mabilu onse ali m'dzina la mwininyumba. Masabata atatu anatha ndikutsimikizira anthu kuti ndine ine, pofuna kugwiritsa ntchito ndalama zanga zomwe.

Kenako mlonda akuti foni imeneyi ndi yanudi.

Mwina wina afunsa kuti ndinkavutikiranji, bwanji osangogwiritsa khadi kapena ndalama za m'manja. Ndikuuzani zoona. Ndinkafuna kulipira osalankhula. Pa kauntala m'pamene kalankhulidwe kathu kamatigulitsa. Ukangotsegula pakamwa, wina wakwinya kale nkhope, "mwati chiyani?", iwe kubwerezanso, mzere kumbuyo ukukula. Ukamawerenga timakobidi m'manja umamva anthu akuusa moyo. Ndinkaona anzathu a kuno akungoyandikitsa foni, kulira kamodzi, n'kumapita osayang'anidwa ndi munthu, ndipo ndinalakalaka zimenezo, kudutsa ngati wina aliyense. Kwa miyezi ingapo zinathekadi, ndipo sindinama, zinkandisangalatsa. Koma tsiku limene kamakina kakana, mwana wa kuno amauzidwa kuti pepani, makina athu akuvuta lero. Ine ndimafunsidwa ngati foni ndi yanga.

Za maulendo ndiye musanene. Mabasi a mu London anasiya kulandira ndalama za m'manja mu July 2014, ndipo kuyambira September chaka chomwecho umatha kulowa m'sitima yapansi panthaka pongogunditsa khadi la kubanki, osafunikanso khadi la maulendo lija la Oyster. Ndi foni zimathekanso. Koma palibe amene anandiuza kuti ukalowa ndi foni uyenera kutulukanso ndi foni yomweyo. Tsiku lina ndinagunditsa foni polowa, potuluka n'kugunditsa khadi, poganiza kuti akaunti ndi imodzi. Makinawo amaziona ngati zinthu ziwiri zosiyana, ndiye anandilemba maulendo awiri osamaliza, ulendo uliwonse pa mtengo wapamwamba. Tsiku lina batire linathera m'sitima. Ndinafika pa geti ndi foni yakuda bii, sindingatuluke, anthu akundikankha kumbuyo, ine ndikufotokozera wa yunifolomu kuti ndinalipira polowa koma umboni uli m'foni yakufayi. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi chaja m'chikwama, ndipo ndikafika kuntchito chinthu choyamba n'kusaka soketi. Ndalama zako zili m'banki, wazikhetsera thukuta, koma kuti uzikhudze zidalira batire.

Nanga zobweza katundu? Ndinagula nsapato zogwirira ntchito, zinandithina, ndinabwerera nazo ndi lisiti lake. Wa pa kauntala anayang'ana manambala anayi omaliza pa lisiti, kuyang'ana khadi langa, nati sizikugwirizana, khadi limene munalipirira si ili. Foni siipereka nambala yeniyeni ya khadi ku sitolo. Imapereka nambala ina imene inapangidwira foniyo, kuti wina akaba zolembedwa za sitolo asapeze khadi lako. N'chinthu chanzeru, ndipo ndimachiyamikira. Koma ndinali ine, kasitomala, amene ndinkaphunzitsa wogulitsa mmene makina ake amagwirira ntchito, iye akundiyang'ana ngati ndatola lisiti mumsewu. Anaitana mkulu wake, mkulu wake naye kukafunsa wina, ine chilili ndi nsapato m'manja.

Pamzere wa dzulo paja panali bambo wina wa suti amene ankayang'ana wotchi yake n'kumapumira m'mwamba, ngati mphindi ziwiri zimene ndinam'chedwetsa zimugwetsera kampani. Panali tianyamata tiwiri tikuseka. Koma amene anandipweteka kwambiri ndi mlongo wina, wa kwathu ku Africa ndithu, nkhope ndimaidziwa, tinakwerapo basi imodzi kangapo. Maso athu atakumana anawathawitsira pa mashelefu, kuopa kuti angamuphatikize ndi ine. Ndipo nditaifotokoza nkhaniyi kwa achimwene ena amene akhala kuno zaka zambiri, anangoti, "Achemwali, muzolowera, musamatengere zinthu pamtima." Ndizolowere chiyani? Iwowo anazolowera mpaka sakumvanso kuwawa, ndiye akufuna tonse tife dzanzi. Amenewa ndi omwe akamapita kumudzi amakagwedeza foni pamaso pa anthu, kunena kuti kunja sitigwiranso ndalama, timangogunditsa. Sakanena za tsiku limene kamakina kanawakana. Sakanena za mlonda.

Koma chimene chikundikwiyitsa koposa ndi ine ndemwe. Ndinapepesa. Ndinati pepani kwa mtsikana uja, pepani kwa bambo wa suti, ndipo potuluka ndinati zikomo kwa mlonda. Zikomo ya chiyani? Ndinali ndi mawu onse m'kamwa. Ndikanam'funsa kuti ndi anthu angati wawafunsa funso limenelo mwezi uno, ndipo amaoneka bwanji. Ndikanaitanitsa mkulu wa sitolo. Koma mukudziwa mmene timakhalira ndi mapepala athuwa, ngakhale ali olongosoka: mtima umangoti usachite phokoso, dzina lako lisalembedwe paliponse, visa ikudikira kukonzedwanso. Ndiye umameza. Takhala tikumeza kuyambira tsiku limene tinatsika ndege, ndipo wina aliyense amene wavala yunifolomu amadziwa kuti timeza.

Ndipo mlondayo nayenso si wa kuno. Kalankhulidwe kake kamamveka kuti anachokera kutali ngati ine. Amaima pakhomo paja tsiku lonse pa malipiro ochepa, mwina nayenso ali ndi ana amene anawasiya. Ndayesa kumumvera chisoni, koma mtima ukukana. Iyeyo ndi amene anayenera kudziwa kulemera kwa funso limenelo.

Madzulo ndisanapite kuntchito ndinaimbira amayi, pa foni yomweyi. Anafunsa monga amafunsira nthawi zonse, "Mwanawe, akukusunga bwino kumeneko?" Ndinati inde amayi, zonse zili bwino. Ndikanawauza chiyani? Amandilerera mwana, miyendo ikuwapweteka, ndipo chimene chimawalimbitsa mtima n'choti mwana wawo akulemekezedwa kumene ali. Kenako anapatsa foni mtsikana wangayo. Ndinamusiya akuphunzira kumene kulemba dzina lake, pano akundiwerengera kalata imene walemba yekha kusukulu. Anandifunsa kuti amama mubwera liti. Ndinati posachedwa. Ndakhala ndikunena posachedwa kwa zaka zinayi.

Sindinabwere kuno kudzasangalala. Ndinabwera kuti mwana ameneyu aphunzire, kuti amayi asamasowe mankhwala, kuti tidzakhale ndi denga losadontha. Ntchito yanga sindichita nayo manyazi. Usiku wa dzulo agogo ena amene ndimawasamalira, amene ana awo amabwera kamodzi pa mwezi, anandigwira dzanja lomwe lija n'kuliika pa tsaya lawo, osafuna kulisiya mpaka anagona. Iwowo samandifunsa kuti ndine ndani. Ndinakhala pambali pa bedi lawo misozi ikutsika, ndikuwerengera m'mutu miyezi imene yatsala kuti nyumba ithe kumangidwa, kuti sukulu ya mwana ikhale ndi poyambira. Ndapeza kuti ndi zaka ziwiri, ndikalimbikira mashifiti a usiku ndi a Lamlungu. Zikakwana ndikupita. Ndikufuna kukaima pamalo pamene munthu akandiona ndi chinthu chabwino m'manja sayamba waganiza kuti ndaba.

Lero m'mawa ndinadutsa pa sitolo ija osalowa. Mafuta aja ndakagula kwina, ndi khadi, nambala yachinsinsi ndinalemba ndi chala changa chong'ambikachi. Ndili m'basi ndinachotsa chithunzi cha mwana wanga kutsogolo kwa foni n'kuchisunga mkati, moti ndine ndekha ndingachione. Sindidzamuonetsanso kwa mlonda aliyense.