Nanga nkhani yobweza bwanji abusa?

Abusa mwalemba bwino kuti Mulungu amakhululuka tchimo lililonse munthu akaulula, 1 Yohane 1:9 ikutero ndithu, koma mwadumpha mbali yomwe ambiri amaithawa. Zakeyu uja pa Luka 19:8 sanangoti pepani Ambuye basi, analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka komanso kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Nde pano munthu akulira kutsogolo kwa tchalitchi koma ndalama za banki mkhonde anadya zija sanabwezebe, mayi wamasiye anamulanda munda uja akungomuyang'ana, aaa zimenezo ayi. Olo Davide, mneneri Natani anamuuza kuti tchimo lake lachotsedwa koma mwana amene anabereka ndi mkazi wa Uriya uja anamwalirabe, onani 2 Samueli 12. Chonde mudzalembekonso za kubweza.