Gayidi akati lero sitikwera, ndiye kuti sitikwera

Ndakwiya, ndipo amene ziti zimukhudze zimukhudze ndithu.

Loweruka lapitali mlamu wanga, amene amaperekeza alendo m'phiri la Mulanje, anali ndi gulu la achinyamata a m'tauni. Anagona panyumba ya alendo ya ku Chisepo, m'phiri momwemo, kuti m'mawa akwere Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirilo. Kutacha mlamu anatuluka panja, n'kuona nkhungu ikukwawa m'zigwa, kamphepo kaja kayamba kale kulowa m'mafupa. Anawauza mwaulemu wonse kuti, "Mabwana, chiperoni chafika, lero sitikwera. Tidikire tione mawa, apo ayi titsike." Mnyamata wina, wavala jinzi ndi tisheti yake, foni ili m'manja, akuti, "Madala, takulipirani kuti mutifikitse pamwamba, osati kutiuza zanyengo. Foni yanga ikuti kuli dzuwa."

Foni ikuti kuli dzuwa! Munthu waima m'nkhungu, tsitsi lanyowa ndi mawawa, mnzake amene ali apo sakumuona bwino, koma akukhulupirira foni kuposa maso ake, kuposanso munthu amene wakalambira m'phirimo.

Awiri ananyamuka okha. Mlamu akanatani? Anasiya enawo ndi mlonda wa panyumbapo n'kuwalondola. Anawapeza sanapite n'kutali komwe, atataya kale njira, wina wabinya mwendo pathanthwe, winayo akunjenjemera moti zala zikukanika kukoka zipi ya chikwama. Mlamu anavula jekete yake n'kumuveka, iye n'kutsala ndi juzi yong'ambika m'zigongono, wobinya uja n'kumukoleka paphewa mpaka kunyumba ija. Ndipo mukudziwa malipiro ake? Atatsika ku Likhubula, m'munsi mwa phiri, anamudula ndalama, ati sanawafikitse pamwamba. Madzulo ake wina n'kulemba pa Facebook kuti magayidi a ku Mulanje ndi aulesi.

Aulesi. Munthu amene wakuveka jekete yake.

Tamverani abale, gayidi akati lero sitikwera, nkhani yathera pomwepo. Palibe zokambirana, palibe kuvota, palibe zoti ife tachokera kutali, tawononga mafuta, Lolemba tili kuntchito. Phiri silidziwa kuti Lolemba muli kuntchito. Ndalama imene mwalipira ija mwagula nzeru za munthuyo, ndipo nzeruzo zikati bwererani, ndiye kuti mwalandira chimene munalipirira. Mukufuna munthu wongovomera zilizonse, pitani mukakwere kabaza.

Anthu akuganiza kuti poti June ndi July mvula kulibe, ndiye kuti phiri lafewa. Bodza. Inde mitsinje yaphwa, njira zauma, masiku ena kumwamba kumayera mbee mpaka kuona nyanja ya Chilwa, n'chifukwa chake alendo amakonda miyezi imeneyi. Koma ndi miyezi yomweyinso ya chiperoni, mphepo yonyowa yochokera kum'mwera chakum'mawa, mbali ya Mozambique, imene ikagunda phiri imasanduka nkhungu ndi mawawa, ndipo ikhoza kukhala masiku angapo osachoka. Sapitwa ndi mamita 3,002. Mukakwera mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye kuchokera ku Likhubula kufika pamwamba mwataya madigiri oposa 10, tisanawerengere mphepo. Usiku pamwambapo madzi amatha kuundana pa udzu. Dzuwa nalo miyezi imeneyi silichedwa, ikamakwana 6 koloko mdima wagwa kale. Inu mwavala jinzi.

Jinzi ikanyowa siuma, imakakamira pathupi n'kumakuyamwa kutentha konse ngati chisaka chonyowa chimene amakulungira botolo la madzi kuti azizire. Kuzizira kumapha mwakachetechete: umayamba kunjenjemera, kenako miyendo imapunthwa pena paliponse, lilime limalemera, nzeru zimasokonekera, mapeto ake umangofuna kukhala pansi kuti ugone pang'ono. Ukagona ndi pomwepo. Ndipo inu amene mumanyamula kabotolo ka mowa ati kotenthetsa thupi, mowawo umangokunamizani, mumamva kufunda pakhungu pamene kutentha kwenikweni kukuthawa.

Njira ya ku Sapitwa si msewu. Ndi mathanthwe otsetsereka, miyala ikuluikulu yoti pena ukwawe pansi pake, pena udumphe mpata, ndipo chokulondolera ndi timizere ta penti yofiira pamiyala. Nkhungu ikatseka, kamzere kotsatira sukaona. Thanthwe limene dzulo munayendapo mukuimba, lero lanyowa, ndere zatereratu, nsapato zanu za m'tauni zosalala kupansizo zingokuperekani kuphompho. Gayidi amazidziwa zimenezi ndi mapazi ake. Amadziwa kuti mphepo ikatembenuka chonchi, pakangopita kanthawi simuonananso. Inu mumazidziwira kuti?

Musati ndikukuopsezani ndi nthano za mizimu. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anakwera yekha kulowera ku Sapitwa, mpaka lero sanapezeke. Mu July 2009 mnyamata wa ku Brazil, wophunzira bwino, woyenda maiko ambiri, anasiya gayidi wake m'munsi n'kupitiriza yekha. Nyengo inasintha. Anamufunafuna kwa masabata, mpaka ndege inabwera, mtembo wake n'kupezeka mu August. July, abale. Mwezi womwewo umene inu mukuti kulibe mvula. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Ndikudziwa, ena ndi zithunzi za pa Instagram zimene zikuwathamangitsa, ena sanauzidwepo chilichonse, kaya. Zimenezo si chifukwa chotukwanira munthu amene akukupulumutsa.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ukasochera suvutika wekha. Amene adzakwere usiku ndi matochi kukakufuna ndani? Ndi magayidi omwewo, onyamula katundu omwewo, anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa phiri, apolisi. Anthu a ana awo. Iwe wapanga makani, amene akaike moyo pachiswe ndi bambo wa eni. Ndipo usadalire zoti ndiimba foni, m'zigwa zambiri m'mwambamo netiweki kulibe, batire nayo ikazizidwa imatha msangamsanga. Ukabinya mwendo ambulansi sifika, amakunyamula anthu pamachira, maola ndi maola, njira yomwe ija unaikwera ukulira.

Sindikuti musakwere phiri nyengo yozizira. Kwerani, ndi lathu, ndipo n'zosangalatsa kuti masiku ano Amalawi tikulikwera tokha osangosiyira azungu. Tengani juzi yeniyeni, jekete yosalowa madzi, chipewa, masokosi ouma mwamanga mujumbo, tochi, mtedza ndi mbatata m'chikwama, nyamukani kukadali m'mawa. Koma ngakhale mutavala zodula za kusitolo ya ku Johannesburg, munthu uja akayang'ana kumwamba n'kupukusa mutu, khalani pansi muothe moto. Sapitwa sathawa. Analipo agogo anu asanabadwe, adzakhalapo mwezi wamawa. Kubwerera ku Chisepo si manyazi, palibe amene anafa ndi manyazi m'phiri muja, koma ofa ndi makani alipo.

Ndipo poti tayamba, tinene ndi izi zomwe. Mumafika ndi galimoto yabwino, mafoni awiriawiri, sipika yoimba phiri lonse, koma pa mtengo wa wonyamula katundu mumanenerera ngati mukugula tomato. Mnyamata wasenza chikwama chanu, mapoto anu, kreti yanu, ali ndi mapatapata kuphazi m'chisanu chimenechi, inu mukudya soseji osamugawirako ngakhale tiyi. Mukafika pamwamba chithunzi muli nokha, mawu ake "ndagonjetsa Mulanje". Wagonjetsa ndani? Amene wasenza katundu uja dzina lake mukulidziwa?

Nanga mabotolo ndi mapepala a masiwiti amene mwamwaza njira yonse ya ku Chambe mukuti atole ndani?

Mlamu akutsokomola mpaka lero. Jekete ija sanamubwezerenso.