Dzina ndi lanu, ndalama ndi zanu, nanga antchito ndi a yani?

Ine lero ndakwiya ndipo sindibisa. Achemwali ena a pagulu lathu la WhatsApp la a Malawi kuno ku Indiana atsala dzulo pabwalo la ndege ali pa ulendo wopita kumudzi kukaika maliro a bambo awo. Tikiti anagula kukampani yaikulu, ndalama zosati masewera. Kandege koyamba kaja, kamene kamatola anthu m'matauni aang'ono kukawatula kumzinda waukulu, sikananyamuke chifukwa oyendetsa panalibe. Ndege yowoloka nyanja yawasiya. Pofunsa pakauntala akuti ife si kampani imene munagulako tikiti, timangowagwirira ntchito. Poimba foni kukampani yaikuluyo akuti vuto lachokera kwa anzathu amene amatiyendetsera ndege zing'onozing'ono. Munthu ali pachisoni, iwo akungoponyerana mlandu.

Koma chandipsetsa mtima kwambiri ndi zomwe alemba achimwene ena pagulu pomwepo. Akuti vuto ndi mapailoti, ndi adyera, yuniyoni yawo imangofuna ndalama, ndiye makampani akanatani. Achimwene, ndikukupatsani ulemu wanu, koma chala mwaloza kolakwika. Kampani imene yalemba dzina lake pa tikiti, yapaka utoto wake pa ndege, yalandira ndalama ya mayi wofedwayo, ndiyo iyenera kuyankha. Walira mvula walira matope. Sungafune phindu la ndege n'kumakana anthu oiyendetsa.

Amene simukhala ku America mwina simudziwa momwe zimayendera. Ukagula tikiti ya Delta, United kapena American yopita kutauni yaing'ono, kawirikawiri ndege imene ukwere yalembedwa Delta Connection, United Express kapena American Eagle. Amenewo ndi maina a pamsika chabe. Eni ake oyendetsa ndegeyo ndi SkyWest ya ku Utah, Republic ya konkuno ku Indiana, kapena Endeavor, Envoy, PSA, Piedmont. SkyWest yokha imauluka m'dzina la United, Delta, American ndi Alaska. Kampani yaikulu ndiyo imagulitsa tikiti, kuika mtengo, kusankha njira ndi nthawi yonyamukira, kenako yaing'onoyo imangolandira ndalama yopangana pa ntchito yomwe yagwira. Ndi ganyu basi. Ndipo tamverani izi: Endeavor ndi ya Delta yonse yathunthu, Envoy, PSA ndi Piedmont ndi za American. Mwini mmodzi, thumba limodzi, koma pailoti wa Endeavor sali pamndandanda wa mapailoti a Delta ndipo salandira za Delta. Chifukwa chake n'chimodzi, kuti ntchito yomweyo itsike mtengo. Dzina akulifuna, ndalama akuzifuna, antchito sakuwafuna.

Mukuti adyera? Pa 12 February 2009 ndege ya kampani yaganyu ya Colgan Air, ikuuluka m'dzina la Continental Connection la kampani yaikulu ya Continental, kuchokera ku Newark kupita ku Buffalo, inagwera nyumba ya anthu ku Clarence Center. Anafa anthu 50, a m'ndege 49 ndi bambo mmodzi wa m'nyumbamo. Ofufuza anapeza kuti kaputeni analakwitsa pamene ndege inachepa liwiro, zimenezo sitikana. Koma kafukufuku yemweyo anaulula momwe anthuwa ankakhalira. Wachiwiri kwa kaputeni anali mtsikana wa zaka 24, wolandira pafupifupi madola 16,000 pachaka. Madola 16,000 ku America, inu amene muli kuno mukudziwa kuti renti yokha ikhoza kuzimaliza. Ankakhala kwa makolo ake kufupi ndi Seattle, ndipo usiku umenewo usanafike anachezera kukwera ndege zonyamula katundu kudutsa dziko lonse kuti akayambe ntchito ku Newark. Ameneyo ndi amene ananyamula miyoyo ya anthu amene ankadziwa kuti akwera Continental. Dyera lake lili pati mtsikana ameneyu? Anachita kuvutika ndi abale a omwalirawo, kupita ndi kubwerera ku Washington, kuti Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, ikhazikitse lamulo mu 2010. Kuyambira 2013 wachiwiri kwa kaputeni amafunika maola 1,500 ouluka, pamene kale maola 250 ankakwanira. Makampani sanachite zimenezi mwa kufuna kwawo, anachita kukakamizidwa anthu atafa kale.

Ndiye mukamva kuti ALPA, bungwe la mapailoti a Delta ndi United, kapena APA ya mapailoti a American, akhala patebulo zaka ndi zaka kukangana ndi mabwana, musaganize kuti ndi malipiro okha. Nkhondo yaikulu imakhala pa gawo la kontilakiti lotchedwa scope clause, limene limanena kuti ndi ntchito yochuluka bwanji imene kampani ingapereke kwa aganyu. Panopa mzere uli pa ndege ya mipando 76 yosapitirira mapaundi 86,000 ponyamuka, ndipo ngakhale chiwerengero cha ndege zoterozo chili ndi malire. Mzere umenewu ndi umene ukutchinga. Kampani yopanga ndege ya Embraer inapanga E175-E2, ndege yatsopano, koma inalemera kupitirira malirewo ndipo makampani a ku America sanaigule. Chotsani mzerewo lero, mawa mudzapeza ndege ya anthu 100 ikuyendetsedwa ndi aganyu, mkuja ya anthu 150, dzina lomwelo pa tikiti, mtengo womwewo kwa inu, koma oyendetsa otchipa. Amene akugwira mzerewo ndi yuniyoni yomwe mukuinyozayo.

Aganyuwo akayesa kudzuka, chimene chimachitika timachidziwa. Comair inali kampani yaing'ono ya Delta, likulu lake pabwalo la ndege la Cincinnati. Mu 2001 mapailoti ake ananyanyala ntchito masiku 89 ndipo anapeza malipiro abwinoko. Chotsatira chake ntchito inayamba kugawidwa kumakampani ena angapo kuti pasadzapezekenso mmodzi woimitsa zonse, Comair inanka ichepa, mpaka mu 2012 inatsekedwa. Mu 2020 United inachotsa ntchito ku ExpressJet, kampani n'kuimika ndege zake zonse. Chaka chomwecho Compass ndi Trans States zinatseka. Inde kunali mliri wa COVID-19, koma onani amene anayamba kugwa. Ndipo ntchito ya upailoti ili ndi lamulo lowawa: ukasintha kampani umayambira pansi pa mndandanda, kaya wauluka zaka 20. Malipiro a woyamba kumene, masiku oipa onse ndi ako, Khirisimasi uli m'hotela. Mabwana amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amatha kuuza gulu ili kuti mukavuta ntchito tipatsa gulu ilo. Amawapikisanitsa okhaokha kuti aone wotchipa ndani. Zonsezi zikutheka chifukwa cha chinthu chimodzi chomwechi, dzina kukhala la uyu antchito kukhala a uyo.

Ena amati mapailoti amangoopseza sitalaka. Sitalaka yake iti? Ku America ogwira ntchito za ndege ali pansi pa Railway Labor Act, lamulo la 1926 la anthu a njanji limene mu 1936 linafikanso ku ndege. Kontilakiti siimatha, imangofika nthawi yoti ikonzedwenso, ndipo anthu amapitiriza kugwira ntchito pa malipiro akale. Sunganyanyale mpaka National Mediation Board, bungwe la boma loyanjanitsa mabwana ndi antchito, likumasule, kenako udikirenso masiku 30, ndipo pulezidenti akhoza kulowererapo. Mu February 1997 mapailoti a American atangoyamba sitalaka, Bill Clinton anaiimitsa pasanathe ndi ola lomwe. Imodzi mwa nkhani zomwe ankalimbirana inali yomweyi, yoti ndege zing'onozing'ono za jeti aziyendetsa ndani. Ndiye mukamawerenga kuti mu 2023 mapailoti a Delta anapeza 34 peresenti pa zaka zinayi, a United mpaka 40 peresenti, kumbukiraninso kuti kontilakiti ya a Delta inayenera kukonzedwa kumapeto kwa 2019. Zaka zonsezo zinthu zikukwera mtengo iwo akudikira.

Sindikunena kuti mayuniyoni akuluakuluwo ndi oyera. Ayi. Pamene makampani ankalengeza kuti agwa, United mu 2002, Delta ndi Northwest mu 2005, American mu 2011, mzere uja unanka usuntha, ndege za aganyu kuchoka pa mipando 50 kufika 70 ndi 76. Akuluakulu a pamwamba pa mndandanda anateteza zawo, ana obwera m'mbuyo n'kutsala panja. Zimenezo zimandiwawanso. Koma amene anabwera ndi pepala loti sainani apa kapena khoti lifafaniza kontilakiti yanu sanali pailoti.

Tsono onani zomwe zinachitika mu 2022. Mapailoti anachepa, akale atapuma nthawi ya mliri, makampani aakulu akutenga makaputeni a makampani aang'ono mwaunyinji. American inaimika ndege zing'onozing'ono pafupifupi 100 chifukwa chosowa oyendetsa. Matauni a Toledo, Dubuque, Ithaca ndi Islip anataya ndege za American. SkyWest inapempha kusiya matauni 29. Mwadzidzidzi ndalama zinapezeka! Makampani aang'ono a American anakweza malipiro mpaka woyamba kumene kufika madola 90 pa ola. Ndalama zimenezi zinali kuti zaka zonse zija? Zinali kuti pamene mwana wa eni ake ankatenga ngongole ya pafupifupi madola 100,000 kuti aphunzire kuuluka, n'kumadzalandira zochepa kuposa woyendetsa basi? Inu mabwana a makampani munathamangitsa achinyamata pa ntchitoyi zaka zoposa khumi, lero mukuti mapailoti akusowa. Akusowa chifukwa cha yani? Ndipo ngakhale lero malipiro akwera, pailoti wa kampani yaing'ono maso ake ali pakhomo, akungowerenga maola kuti athawire kukampani yaikulu, chifukwa akudziwa kuti pamene ali si pakhomo pokhazikika. Akachoka, kandege ka tauni yathu sikanyamuka, wovutika ndi wokwera.

Mfundo yanga ndi imodzi. Ngati ndege yanyamula dzina lako, oyendetsa akhale ako, pamndandanda wako, pa kontilakiti yako. Ikalephera kunyamuka uyankhe ndiwe. Ikagwa upite kumaliro ndiwe. Ngati sukuwafuna anthuwo, chotsa dzina lako pa ndege, munthu adziwe pogula tikiti kuti akukwera ya yani. Tizilembo ting'onoting'ono tija ta pansi pa tikiti, totchula kampani yoyendetsa ndege, sitikwanira.

Ndipo achimwene, chimene chikundidabwitsa n'choti ambiri a ife pagulu lija timagwira ntchito kudzera m'maejensi, kusamalira okalamba ndi odwala m'nyumba zomwe sizinatilembe ntchito. Mumasambitsa nkhalamba yomweyo ndi mnzanu wolembedwa ndi nyumbayo, iye ali ndi inshulansi ndi tchuthi, inu shifiti ikhoza kufafanizidwa m'mawa womwewo ndi uthenga wa pafoni. Inuyo ndiye muyenera kukhala oyamba kumvetsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Za atsikana ndi anyamata osamalira anthu m'ndege ndiye musandiyambitse. Kwa zaka zambiri malipiro awo ankayamba kuwerengedwa chitseko cha ndege chikatsekedwa. Nthawi yonse yokweza anthu, kuthandiza agogo kupeza mpando, kulimbana ndi zikwama zosakwana pamwamba paja, zinali zaulere. Delta inayamba kulipira nthawi imeneyi mu 2022, ndiponso theka chabe la malipiro a pa ola. Theka! Nanga onyamula katundu pansi paja pa chipale chofewa mu January, ambiri a iwo a makampani ena aganyunso, alipo amawafunsa kuti amalandira zingati?